Kukopa nyimbo ndi mabuku popanda chilolezo: zimene boma ndi Mpingo akunena

Pa msika wa Jenda, ku Mzimba boma ndi m'malo ena ochitira malonda m'dera lathu la Champhira, munthu akapereka kandalama pang'ono amamuikira nyimbo zambirimbiri m'foni kapena pa memory card. Ena timatumizirana nyimbozi pa WhatsApp ndi abale athu a ku Joni. Mwa nyimbo zoterezi, zambiri ndi zauzimu, zina za makwaya a Mpingo wathu womwe. Popeza funsoli limabwera kawirikawiri m'miphakati, talemba mwachidule zimene akhristu ndi akatekisiti ayenera kudziwa.

Umwini wa ntchito zaluso

Amene wapeka nyimbo, kulemba buku kapena kujambula kanema ndiye mwini wake wa ntchitoyo. Iye yekha ndiye ali ndi mphamvu yolola kuti ichulukitsidwe, igulitsidwe kapena iulutsidwe. Tikagula chimbale timakhala tagula chimbale chimodzicho, koma umwini wa nyimbozo umatsalabe kwa wopeka.

Zimene lamulo la dziko likunena

Dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo loteteza ntchito zaluso mu 1989, ndipo mu 1991 lidalowa m'pangano la maiko la Berne. Bungwe la COSOMA, lomwe limatolera ndalama za aluso ndi kupereka zilolezo, lidayamba ntchito mu 1992. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwa lakale lija. Chitetezo chimakhalapo moyo wonse wa mwini ntchito, ndi zaka zina 50 iye atamwalira. Motero ana amasiye a woimba ali ndi gawo pa nyimbo za kholo lawo.

Lamulo sililetsa kukopa kwa mtundu uliwonse. Munthu angathe kukopa nyimbo imene adaipeza moyenera kuti azimvera yekha, ndipo mphunzitsi angatenge ndime yochepa ya buku pophunzitsa, atatchula wolemba. Pofuna kuti aluso asaluze pa kukopa kotereku, boma lidaika kamsonkho pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko muno, ndipo COSOMA imagawa ndalamazo kwa eni ake. Chimene chili mlandu ndi kuchulukitsa, kugulitsa kapena kumwaza ntchito ya wina popanda chilolezo.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Ena amati kukopa si kuba chifukwa mwini nyimbo amakhala nayobe nyimbo yake. Zoonadi nyimbo sichoka, koma chimene chachoka ndi malipiro ake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2408 ndi 2409, amafotokoza kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu limaletsa kutenga kapena kusunga za mwini mosalungama, mwanjira ina iliyonse. Nambala 2434 imati kumana wantchito malipiro oyenera kungathe kukhala kulakwa kwakukulu, monganso tiwerenga pa Luka 10:7 ndi Yakobo 5:4. Kwaya imene yasonkha ndalama za mayendedwe ndi zolipira ku situdiyo, mamembala ake atagulitsa chimanga ndi nkhuku, yagwira ntchito. Wogulitsa nyimbo zake mwamseri akukolola posalima.

Komabe Mpingo sutenga umwini ngati chinthu chopanda malire, pakuti Mulungu adalenga zabwino za dziko kuti zithandize anthu onse. Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya mu 2009 yotchedwa Caritas in Veritate, adadzudzula maiko olemera poumirira kwambiri umwini wa nzeru, makamaka pa nkhani ya zaumoyo. Choncho kulakwa kumasiyana kukula kwake. Mwana wasukulu wosauka amene wafotokopa masamba angapo a buku sangafanane ndi wamalonda amene amadyera aluso masuku pamutu tsiku ndi tsiku.

Zoyenera kuchita m'maparishi athu

Tiyambe ndi m'nyumba mwathu momwe. Kwaya ikafuna kujambula nyimbo yopekedwa ndi wina, iyambe yapempha kwa mwini wake ndi kulemba dzina lake pa chimbale. Tisafotokope buku lathunthu la nyimbo kapena la mapemphero pamene likupezeka pogula, pakuti osindikiza akaluza mabukuwo adzasowa. Makwaya athu, kuyambira ku parishi ya Katete mpaka m'matchalitchi ang'onoang'ono, alembetse nyimbo zawo ku COSOMA. Ngati afuna kuti nyimbo ina igawidwe mwaulere pofalitsa Mthenga Wabwino, anene poyera, ndipo tonse tidzaitumiza ndi mtima woyera.

Achinyamata amene amapeza chakudya pa ntchito yoika nyimbo m'mafoni tisawanyoze, koma tiwalangize kufunsa ku COSOMA za chilolezo. Amene wazindikira kuti adapindula ndi thukuta la mnzake akumbukire Zakeyo, pakuti Katekisimu pa nambala 2412 amafuna kuti tibweze zimene tidatenga mosalungama. Kugula chimbale chenicheni cha kwaya imene takhala tikuimvera mwaulere ndi poyambira pabwino.