Kuchokera ku Malingunde Kufika pa Kiosiki: Mbiri ya Madzi m'Malokeshoni a Lilongwe

Munthu akachoka ku Old Town kulowera ku Likuni amadutsa pafupi ndi malo amene bungwe la Lilongwe Water Board limayeretsera madzi a mzinda wonse, ku Area 3. Akangopitirira pang'ono wafika ku Chinsapo. Madzi opita ku nyumba zikuluzikulu za ku Area 10 ndi Area 43 amanyamukira pakhomo pa anthu a ku Chinsapo, koma eni khomowo ambiri amatunga pa kiosiki, ndowa zitandanda pamzere, ndipo kukauma amatsikira ku zitsime zam'madambo. Zimenezi sizinangochitika mwangozi. Zili ndi chiyambi chake, ndipo chiyambicho ndi chakale ngati likulu lenilenilo.

Lilongwe Water Board inakhazikitsidwa mu 1947, nthawi imene Lilongwe inali tawuni yaing'ono ya boma la atsamunda, masitolo a amwenye ndi malonda a fodya. Kalembera wa 1966 anapezamo anthu pafupifupi 19,000 basi. Chaka chomwecho panamangidwa damu la Kamuzu loyamba ku Malingunde, pa mtsinje wa Lilongwe, womwe magwero ake ali m'nkhalango ya Dzalanyama. Kwa tawuni ya msinkhu umenewo madziwo anali okwanira ndi kutsalako.

Koma Dr. Kamuzu Banda anali atatsimikiza kale kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Mu 1968 panakhazikitsidwa Capital City Development Corporation kuti imange mzinda watsopano ndi ngongole ya ku South Africa, ndipo likulu linasamuka mu 1975. Mapulani a mzindawo anagawa anthu malinga ndi mapezedwe awo. Kumene kunayikidwa akuluakulu a boma ndi akazembe kunalowa mapaipi mpaka m'bafa. Anthu wamba, monga amisiri omanga, alonda, antchito am'nyumba ndi ogwira ntchito m'mafakitale a ku Kanengo, anapatsidwa mapuloti m'madera otchedwa Traditional Housing Areas, monga mbali zina za Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25. Kumeneko boma linkadula puloti, kulambula msewu wafumbi ndi kuyika mpopi umodzi wa mabanja ambiri. Nyumba amange yekha mwini puloti, chimbudzinso akumbe yekha.

Mapulotiwo sanakwane. Pofika 1977 anthu anali atayandikira 100,000, mu 1987 anapitirira 220,000, mu 1998 anafika 440,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza 989,318. Amene anasowa puloti ya boma anapita kwa mafumu a midzi yozungulira n'kugula malo. Umu ndimo munakulira Chinsapo, Mtandire, Kauma ndi Mgona, yomwe inatsamira mafakitale a ku Kanengo. Pa mapu a akonzi a mzinda maderawa sankaoneka ngati malo okhala anthu, choncho mapaipi akuluakulu anawalambalala. Damu la Kamuzu lachiwiri linamangidwa mu 1989 n'kukwezedwa mu 1999, madzi anachuluka ndithu, koma anayenda m'njira zomwe zija zakale.

Yankho la madera otere linakhala kiosiki: kanyumba ka njerwa, mita mkati, mipopi ingapo panja, ndi munthu wotolera ndalama. Apa ndi pomwe mbiri ya madzi a Lilongwe imakoma kuimva, chifukwa funso silinali la uinjiniya ayi koma la ndani agwire thumba. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, makiosiki ambiri anagwera m'manja mwa makomiti am'madera, ndipo makomitiwo kawirikawiri ankatsamira mafumu ndi atcheya a zipani. Amayi ankalipira ndowa iliyonse, koma ndalamazo sizinkafika zonse ku Water Board. Mabilu anawunjikana mpaka mamiliyoni a makwacha, ndipo a Water Board anayamba kudula madzi. Olangidwa anali omwe aja analipira kale. Iwo anabwerera ku zitsime ndi ku mitsinje ya Lilongwe, Lingadzi ndi Nankhaka.

Cha m'ma 2006 bungwe la WaterAid, pamodzi ndi Water Board ndi bungwe lina lotchedwa CCODE, linathandiza kukhazikitsa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, amene anthu amangowatchula kuti ma WUA, ku Chinsapo, Mtandire, Mgona, Kauma ndi madera ena. Ku Water Board kunatsegulidwanso ofesi yoona za makiosiki okha. Ma WUA analemba ogulitsa madzi pa malipiro, ambiri mwa iwo amayi, anayamba kuwerenga mita ndi kusunga ndalama ku banki, ndipo pang'onopang'ono ngongole zakale zinabwezedwa. Makiosiki otsekedwa anatsegulidwa. Chimenechi chinali chipambano chenicheni, ndipo amene anachigwirira ntchito ayenera kuyamikiridwa.

Komabe pali chinthu chimene sichinakonzeke. Malipiro a wogulitsa, a woyendera makiosiki, a komiti, komanso kubweza ngongole imene ena anadya, zonsezo zinalowa mu mtengo wa ndowa. Zotsatira zake n'zakuti mayi wa ku Mgona amalipira zambiri pa lita imodzi kuposa bwana amene ali ndi mita pakhomo ndipo amathirira kapinga. Ofufuza a ku sukulu ya za madzi ya IHE Delft, ku Netherlands, amene anayendera mapaipi a Lilongwe m'zaka za m'ma 2010, anapezanso kuti madzi akachepa madera osauka ndiwo amayamba kuuma, ndi kuti madzi ofika kumeneko amakhala odetsedwa kusiyana ndi a m'madera olemera. Paipi ikakhala yopanda madzi, zonyansa zapansi zimalowera m'ming'alu. Kwa ine apa ndiye pali chilonda cha nkhani yonseyi: kiosiki inabwera ngati chogwirizira, koma mibadwo iwiri yakulira pa mzere wake, ndipo mzinda wazolowera kuona ngati ndi mmene osauka ayenera kumwera. Makiosiki a e-Madzi, ogwiritsa ntchito khadi lolipiriratu, atsitsako mtengo ndipo munthu amatunga nthawi imene wafuna. Ndowa ikadali pamutu.

Ku magwero nakonso sikunakhale bwino. Makala amene amaphikira nsima ku Kawale ndi ku Area 23 ambiri amachokera ku Dzalanyama, atasanjidwa pa njinga mpaka kupitirira mutu wa wopalasa. Mitengo ikatha dothi limakokolokera m'madamu, ndipo mtsinje umaphwa msanga m'chilimwe. Mu 2015 asilikali a Malawi Defence Force anatumizidwa kukalondera nkhalangoyo mothandizidwa ndi Water Board. Chilala cha 2016 chinachititsa kuti madzi azigawidwa mosinthana m'madera. Ganizo lomanga damu pa mtsinje wa Diamphwe linaima, ndipo la kukoka madzi ku nyanja kuchokera ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 120, lomwe linaperekedwa kwa kampani ya Khato Civils mu 2016, linachedwa zaka zambiri ndi milandu komanso kusowa kwa ndalama. Chimene chinatheka msanga ndi kukweza khoma la damu loyamba la ku Malingunde.

Nkhani ya madzi akumwa ili ndi eni ake oiyankhulira. Ya zimbudzi ndi mwana wamasiye. Lamulo la Water Works Act la 1995 linakonzanso mabungwe a madzi m'dziko muno kukhala asanu, koma suweji ya Lilongwe inakhalabe zaka zambiri m'manja mwa khonsolo ya mzinda, yomwe inalibe ndalama zoisamalira. Malo oyeretsera zonyansa a ku Kauma anamangidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la dziko la Japan, koma pamene World Bank inkavomereza madola 100 miliyoni a ntchito ya madzi ndi ukhondo ku Lilongwe mu December 2017, suweji inkafikira anthu pafupifupi 5 pa 100 alionse. Ngakhale ochepawo sanali otetezeka: mu July 2017 zonyansa za m'suweji zinalowa m'mapaipi a madzi akumwa ku Area 18, anthu anamwa, nkhani inakafika ku khoti ndipo anthuwo anawina mlandu. Dziko lonse linakwiya, ndipo linayenera kutero. Koma zimene zinachitika ku Area 18 tsiku limodzi zimachitika dzinja lililonse ku Chinsapo ndi ku Mgona, kumene chimbudzi chokumba ndi chitsime zimayang'anizana pa puloti imodzi, ndipo palibe amene amakasuma.

Kolera ya 2022 mpaka 2023 inaonetsa poyera mtengo wa zimenezi. Inayambira ku Machinga mu March 2022, inagwira anthu oposa 58,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 1,700. Lilongwe inali pakati pa maboma amene anavutika kwambiri, mpaka sukulu za mumzindawu zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Pa 13 February chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anakakhazikitsira kampeni ya Tithetse Kolera ku Mgona. Klorini anagawidwa, katemera anaperekedwa, ndipo mliriwo unazilala.

Zimbudzi za ku Mgona zikadali zomwe zija. Pa puloti imodzi landilodi amamanga mzere wa zipinda za lendi, mabanja onsewo n'kumagwiritsa ntchito dzenje limodzi. Likadzaza, malo okumba lina palibe, ndipo galimoto yopopa singalowe m'tinjira topapatiza ta pakati pa nyumba. Ena amaitana anyamata odzachotsa ndi ndowa usiku, ena amadikira mvula yamphamvu n'kuboola m'mbali kuti zipite ndi madzi. Amayi a m'magulu osunga ndalama ogwira ntchito ndi CCODE anaonetsa kale ku Mtandire ndi ku Chinsapo kuti chimbudzi cha manyowa, cha zipinda ziwiri zosinthana, chimatheka pa ngongole yaing'ono ndipo sichifuna dzenje latsopano. Chimene chikusowa ndi khonsolo yokakamiza landilodi aliyense kumanga chimbudzi choyenera asanalandire lendi, ndi misewu yoti opopa azifika pakhomo.