DZINA LA REBMANN NDI KUMENE LINACOKERA

Ambiri a ife tinamva kuti buku lakale ndithu losonkhanitsa mau a Cinyanja analilemba Mjeremani, dzina lace Johannes Rebmann, munthu wosapondapo dziko lathu lino. Koma dzinalo tingolichula, osafunsa cimene litanthauza. Tsono tiyeni tilifunse.

Kale lomwe Mjeremani ali yense anali nalo dzina limodzi lokha. Pofika zaka za m'ma 1100 midzi yaikuru ya m'mbali mwa mtsinje wa Rhein, monga Köln, inadzala anthu, ndipo a Hans ndi a Heinrich anacuruka m'khwalala limodzi, kotero kuti wolemba msonkho anasowa powasiyanitsira. Pamenepo anayamba kuonjezapo dzina laciwiri: wina la atate wace, wina la mudzi wocokerako, ndi ambiri la nchito yao. Mwana analilandira angakhale sanaigwira nchitoyo, ndipo pofika 1500 mwambowu unali utalowa ndi m'midzi yaing'ono yomwe. Cifukwa cace dzina locuruka koposa ku Jeremani ndilo Müller, ndiye wopera tirigu, ndi lotsatapo Schmidt, ndiye wosula. Apa tisafulumire kuwayesa ofanana ndi ziwongo zathu. A Schmidt awiri akakomana panjira sayesana abale ai, pakuti wosula anali m'mudzi uli wonse.

Nanga Rebmann? M'Cijeremani Rebe ndiwo mpesa, Mann ndiye mwamuna. Ndiko kunena kuti wosamala munda wamphesa, amene adzombolera, namangira nthambi ku mitengo, nachera zipatso. Mpesa sukonda cisanu ca kumpoto kwa dzikolo, ndipo dzinali latsata mpesa. Eni ace ambiri ali kumwera cakumadzulo, ku Württemberg ndi ku Baden, ndi ena ku Switzerland ndi ku Alsace. Kumpoto apezeka apa ndi apo. Si dzina la anthu ambiri, popeza kwina wa nchito yomweyo anamucha Weingärtner kapena Winzer. Ena anaoloka nyanja kunka ku Amerika, pamodzi ndi makamu amene anacoka kumwerako, makamaka itagwa njala yoopsa ya 1816 ndi 1817; kumeneko ambiri anataya cilembo cimodzi, nakhala Rebman.

Johannes wathu anabadwa caka ca 1820 ku Gerlingen, pafupi ndi Stuttgart, ndipo cotikondweretsa ndi ici, kuti atate wace anali wolima mphesa ndithu: dzina ndi khasu zinali zisanalekane m'banjamo. Iye anasiya mpesa, naphunzira ku Basel, nafika ku Mombasa mu 1846, wotumidwa ndi Church Missionary Society. Mu 1848 anaona phiri la Kilimanjaro liri ndi cipale coyera pamwamba pace, koma anzeru ena a ku Ulaya anamseka, nati wanama.

Caka ca 1853, ali ku Kisulutini, anapeza pakati pa anchito ace kapolo wolankhula cinenero cacilendo. Ameneyo anagwidwa kuno, kumadzulo kwa nyanja yathu, nagulitsidwa kufikira anafika kugombe kuja. Rebmann anakhala naye pansi, namfunsa liu ndi liu: maina a mitengo, a mbeu, a midzi ndi mitsinje ya kwao, ndi miyambi yomwe. Tiyese kuganiza mtima wa munthuyo, pochula zinthu za kumudzi kumene anamcotsa ndi goli.

Rebmann anakhala kumeneko zaka 29 osabwerera kwao. Anapita ku Ulaya mu 1875 ali wakhungu, namwalira ku Korntal mu 1876. Mnzace Ludwig Krapf anakonza zolembazo, ndipo zinasindikizidwa mu 1877, dzina la buku Dictionary of the Kiniassa Language. Pacikuto pali dzina la wosamala mpesa uja, limene tikhoza kulilondola zaka mazana ambiri m'mbuyo. Mwini mau onsewo achulidwa m'mau oyamba a bukulo ndi dzina limodzi lokha, ndilo la kugombe la Aswahili: Salimini.