Occupational therapy

Occupational therapy, imene ambiri amaifupikitsa kuti OT, ndi nthambi ya zaumoyo yothandiza munthu wodwala, wovulala kapena wolumala kuti azitha kuchita zinthu zofunika pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Dzinali limasokoneza ena, poganiza kuti likunena za ntchito yolembedwa. Koma m'chithandizochi ntchito ndi chilichonse chimene munthu amachita kuyambira podzuka mpaka pogona: kusamba, kuvala, kudya, kuphika, kulima, kuphunzira, ngakhale kusewera kwa mwana.

Mmene chithandizo chimayendera

Katswiri amayamba wafunsa wodwalayo zimene zikumukanika ndiponso zimene iye mwini akufunitsitsa kuyambiranso. Kenako amayang'ana zinthu zitatu: munthuyo, ntchito imene akufuna kuchita, ndi malo amene akuichitira. Chilichonse mwa zitatuzi chikhoza kusinthidwa, choncho sipafunika kudikira kuti thupi lichiretu.

Mwachitsanzo, mayi amene dzanja lake lafooka chifukwa cha sitiroko amaphunzitsidwa kuyamba kulowetsa dzanja lofookalo povala malaya, koma povula ayambe kutulutsa lamphamvulo. Ngati zala sizikugwira bwino, chogwirira cha supuni amachinenepetsa pochikulunga ndi nsalu kapena mphira. Kubafa kumaikidwa mpando kuti asagwe. Achibale nawo amalangizidwa kuti asamamuchitire zonse, chifukwa wodwala wosambitsidwa ndi kudyetsedwa nthawi zonse amachedwa kudzidalira.

Ambiri amasokoneza OT ndi physiotherapy. Awiriwa amagwirira limodzi, koma physiotherapy imalimbana kwambiri ndi mphamvu ndi kayendedwe ka ziwalo, pamene OT imafuna kuona ngati ziwalozo zikutha kumanga batani kapena kugwira cholembera. Akatswiri a OT amathandizanso ana ochedwa kukula, anthu opsa ndi moto, okalamba ndi odwala matenda a maganizo.

Mbiri

Maganizo akuti kugwira ntchito kumachiza anakula m'zipatala za odwala misala, monga York Retreat ku England imene William Tuke anatsegula mu 1796. Kumeneko odwala ankapatsidwa zochita m'malo momangidwa unyolo.

Bungwe loyamba la akatswiriwa linakhazikitsidwa mu 1917 ku Clifton Springs, m'chigawo cha New York ku America. Ena mwa oyambitsa anali William Rush Dunton, dokotala wa matenda a maganizo, Eleanor Clarke Slagle, ndi George Edward Barton. Barton anali wojambula mapulani a nyumba amene anadwalapo TB ndipo anadulidwa mbali ya phazi, kotero kuti zimene ankaphunzitsazo anali ataziyesa pa thupi lake. Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inakulitsa ntchitoyi chifukwa asilikali ambiri anabwerera kwawo ali olumala.

Bungwe la World Federation of Occupational Therapists linayamba mu 1952, ndipo tsiku lokumbukira ntchitoyi pa dziko lonse ndi 27 Okutobala.