Dambwe la machona ku Makokoba

Makokoba, komboni yakale kuposa zonse mu Bulawayo, idalandira amuna ochokera ku Nyasaland, makamaka m'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963. Ambiri adatchona. Kwathu mnyamata ankameta kudambwe la mudzi wa amayi ake, bwalo lili m'manja mwa mfumu. Kuchilendo adalibe mfumu ngakhale manda a makolo, komabe Gule Wamkulu adamera m'migodi, m'mafamu ndi m'makomboni, Ashona namutcha Zvigure. Dambwe lidasanduka mudzi: Myao kapena Msena akameta ankayesedwa mbale, woyenera kumuvinira pamaliro. Lamulo la 2001 litalanda ana awo ambiri unzika wa Zimbabwe, ng'oma ndiyo idawasungira dzina. Nanga Mchewa ndani, wobadwa kapena wometa?