Munda ndi Thangata m'Midzi ya ku Java

Pa cisumbu ca Java, ku Indonesia, cuma ca munthu wa kumudzi cinali dimba la mpunga ndi njati yoweta yolimira. Koma m'caka ca 1830 Bwanamkubwa van den Bosch, wa boma la Holland, analamula kuti mudzi uli wonse upatule limodzi la magawo 5 a minda yace, ulimemo mbeu za boma, monga nzimbe.

Tsono munda unasanduka goli, pakuti mwini munda ndiye anagwira thangata. Cifukwa ca ici midzi yambiri inayamba kugawana minda, kuti osenza katunduyo acuruke. Nyakwawa, polandirako phindu, zinakula mphamvu, ndipo mlimi sanaloledwe kucoka m'dera lace wopanda kalata ya ulendo.

Koma njala siwerenga kalata. Itagwa ku Demak ndi ku Grobogan m'zaka za 1849 ndi 1850, anthu zikwi zambiri anafa, ena nathawa, nasiya minda ya makolo ao. Lamulolo linayamba kutha mu 1870. Mwana akafunsa cimene cithawitsa mlimi pa nthaka yaconde, mphunzitsi amsimbire za Java.