Kufufuza Mzere wa Makolo a Banja la Chisilamu ku Ntcheu

Bismillahir Rahmanir Rahim. Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam).

Abale ndi alongo m'Chisilamu, mu Surat Al-Hujurat, ayah 13, Allah akutiuza kuti anatipanga kukhala mitundu ndi mafuko kuti tidziwane, ndipo wolemekezeka kwa Iye ndi amene amamuopa kwambiri. Hadith ina m'buku la Tirmidhi ikutilangiza kuphunzira mizere ya makolo athu kuti tilumikize chibale. Choncho Msilamu amafufuza mtundu wake kuti adziwe oyenera kuwayendera, oyenera kulandira mirathi, ndi amene sangamange nawo nikah. Kudzitukumula ndi mtundu n'koletsedwa.

Kuno ku Ntcheu mzere wodziwika bwino ndi wa mafumu a Angoni a Maseko. Timadziwa kuti Chikuse anabereka Gomani woyamba, amene Angerezi anamupha mu 1896. Kuti Inkosi Philip Gomani anachotsedwa pampando mu 1953 pa nthawi yokana chitaganya, n'kumwalira mu 1954. Ndi kuti ufumuwo unapitirira kwa Willard Gomani mpaka kufika kwa Gomani wachisanu. Mzerewu unasungika chifukwa anthu ankaubwereza pamwambo ndipo boma linkaulemba. Koma agogo a munthu wamba, amene ankalima, kusoka zovala kapena kuswalitsa pamzikiti wa udzu, tingawapeze kuti?

Mabanja ambiri a Chisilamu m'boma lino mizu yawo ili kwa Ayao, amene analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1860 n'kukhazikika m'madera a Mangochi ndi Machinga. Mafumu monga Makanjira ndi Mponda atalowa Chisilamu, anthu awo ambiri anawatsatira. Ntcheu imachita malire ndi Mangochi komanso Balaka, motero maukwati, malonda ndi kufunafuna minda zinabweretsa ena kuno. Mbiri ya Ayao inalembedwa m'buku la Chiikala cha Wayao la Yohanna Barnaba Abdallah, lomwe linatuluka mu 1919. Mlembiyo anali wansembe wa Anglican, koma bukulo ndi lothandiza podziwa mafumu ndi njira zomwe anthu anadzera.

Mapepala a boma amasungidwa ku National Archives of Malawi ku Zomba, yomwe inayamba mu 1947. Wofufuza adziwiretu zinthu ziwiri. Choyamba, moto unapsereza maofesi aakulu a boma ku Zomba mu 1919, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira anapsa. Chachiwiri, lamulo la 1904 silinkakakamiza Aafirika kulembetsa kubadwa kapena imfa. Kulembetsa munthu aliyense kunadza ndi lamulo la 2010, ndipo ziphaso za unzika zinaperekedwa mochuluka mu 2017. Pa chifukwa chimenechi agogo athu amaonekera m'mapepala a zinthu zina: msonkho, milandu, mikangano ya ufumu ndi malo, usilikali wa King's African Rifles, ndi mabuku omwe ma DC ankalembamo za midzi. Pofufuza, dzina la boma lathu mulipeza litalembedwa kuti Ncheu.

Amuna ambiri anapita ku migodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela, ena ku Southern Rhodesia. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi opitirira 70, ndipo boma la Dr Banda linaimitsa kulemba anthu. Wenela inadzakhala TEBA, yomwe imasunga mbiri ya ntchito ya anthu a m'migodi. Chitupa chakale chokhala ndi nambala, ngakhale chong'ambika, n'chamtengo wapatali. Matchona ena sanabwerere. Anamanga mizikiti m'matauni ndi m'migodi ya ku Zimbabwe, ndipo zidzukulu zawo zimangodziwa dzina la mudzi kapena la mfumu. Amenewo ndi abale athu.

Vuto lalikulu lili pa mayina. Kalaliki ankalemba momwe wamvera: Husayn anakhala Useni, Hasan anakhala Asani, Sulaiman anakhala Selemani. Mnyamata ankatha kulandira dzina lina ku jando, lina pantchito. Dzina la ufumu nalo limalowedwa, motero Mponda wa m'pepala lina sangakhale Mponda wa pepala linzake. Komanso Ayao ndi Achewa amawerenga mbumba kudzera kwa mayi, pamene m'Chisilamu mwana amatchulidwa ndi dzina la bambo ake. Wongotsata dzina la bambo ataya theka la banja. Mayina a amayi sapezeka kawirikawiri m'mapepala a atsamunda, ndiye tiwafunse kwa akuluakulu adakali moyo.

Apa ophunzira a pamadrasa ali ndi chida kale. Maulama a hadith sankalandira nkhani popanda kufunsa kuti wanena ndani, anaimva kwa yani, ndipo kodi awiriwo anakumanadi. Tichite chimodzimodzi. Lembani dzina la amene wakuuzani, tsiku, ndi komwe iye anazimva. Funsani anthu awiri a mbali zosiyana za banja. Ngati chaka sachikumbuka, funsani ngati zinachitika isanafike kapena itadutsa njala ya 1949. Pepala nalonso limalakwa, makamaka pa zaka za munthu, chifukwa kalaliki ankangoyerekeza poona nkhope. Pomwe umboni wathera, siyirani pomwepo. Mtumiki anachenjeza mwamphamvu za kudzipatsa bambo yemwe si wako, ndiye tisalumikize banja lathu kwa mfumu kapena kwa Mwarabu popanda umboni.

M'mwezi wosala kudya mabanja amakhala pamodzi pa futari, ndipo pa Eid abale akutali amabwera. Tengani kope ndi cholembera, khalani pansi ndi agogo, muyambe ndi mayina anayi: mayi ndi bambo a amayi anu, mayi ndi bambo a abambo anu. Mukawapeza, atchuleni m'madua anu m'masiku khumi omaliza.

Allah awakhululukire makolo athu, awalitse manda awo, ndipo atipange kukhala olumikiza chibale. Aamin.