Malo Ofunika Kupaka pa Gitala ya Magetsi Kuti Nsambo Zisamagwire

Oimba ambiri m'mipingo ya kuno ku Chadiza amadandaula kuti gitala imasokonekera mawu nyimbo ili mkati, ngakhale anaicuna bwino mapemphero asanayambe. Kawirikawiri vuto silikhala nsambo zokha ayi. Nsambo iliyonse imadutsa pa malo angapo olimba, ndipo ikagwira pamenepo siibwerera pomwe inali. Cizindikiro cake n'cakuti mukamapotoza kiyi, mawu sasintha, kenaka mumamva "ting'" ndipo amalumpha.

Malo oyamba ndi nati, kacidutswa koyera ka pulasitiki kapena fupa kamene kali kumutu kwa gitala, kokhala ndi timipata 6. Apa ndiye pamene pamavuta kwambiri, makamaka pa magitala opangidwa ngati Gibson Les Paul, cifukwa nsambo za D ndi G zimakhota zikangocoka pa nati. Mankhwala ake ndi pensulo wamba. Mtovu wake ndi girafaiti, yemwe amaterera. Masulani nsambo pang'ono, ikwezeni, cotsani fumbi m'kampatako, ndipo lembanimo ndi pensulo wosongoka mpaka mude. Pensulo wa 2B ndi wofewa kuposa HB, motero amasiya girafaiti wambiri. Ena amapala mtovuwo n'kusakaniza ndi kavaselini, n'kupaka ndi kamtengo ka macisa. Zimenezi zimakhalitsa, koma m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala vaselini amakoka fumbi, conco pakani kocepa zedi.

Malo aciwiri ndi pa buliji, pomwe nsambo zimakhalira pa tizitsulo. Thukuta la dzanja limagwera pamenepa, ndipo nthawi ya dzinja dzimbiri silicedwa. Nsambo imene imadukira pamalo amodzimodzi kawirikawiri imakhala kuti ikudyedwa ndi kacitsulo kokakala. Magitala a mtundu wa Fender Stratocaster, omwe anayamba kupangidwa mu 1954, alinso ndi kacitsulo kumutu kopanikiza nsambo zing'onozing'ono, komanso buliji yoyenda. Pansi pa kacitsuloko ndi pa zomangira za buliji pafunikanso kupaka.

Makiyi otsekedwa kumbuyo ali kale ndi girizi mkati, asiyeni. Amene magiya ake amaonekera, dontho limodzi la mafuta a makina osokera ndi lokwanira.

Saladi yophikira musayese n'komwe: imauma n'kumata ngati ulimbo. Oilo wa njinga yamoto nayenso ndi wolemera. Mafuta alionse asafike pa mapikapu kapena m'mabatani a voliyumu.

Nthawi yabwino yocita zonsezi ndi posintha nsambo. Koma dziwani kuti ngati gitala inali ndi nsambo zoyambira pa 9 ndipo amene anatumidwa ku Chipata wabweretsa za 11, timipata ta nati tingacepe. Pamenepo pensulo sathandiza. Pafunika mmisiri wokhala ndi tupa woyenera, cifukwa kampata kakazama mopitirira, nsambo imayamba kukhudza mafureti n'kumalira ngati njuci, ndipo nati yonse ingafunike kusinthidwa.